Pulimiyamu ya Fairtrade pa tiyi wathu: mafunso ndi mayankho kwa alimi a ku Mulanje ndi Thyolo

Abale anga alimi a tiyi, nkhani ya pulimiyamu yavuta m'magulu athu a WhatsApp ngakhalenso pa shedi tikamadikira akalaliki ndi sikelo yawo, ena akuti ndalama ija imadyedwa, ena akuti azungu anasiya kutumiza, ena sadziwa n'komwe kuti imachokera kuti. Nde ndatolera mafunso amene amabwerabwera kuti tiwayankhe limodzilimodzi, chifukwa ndalamayi ndi yathu ndipo zimandipweteka kuona eni ake akungomva za m'maluwa.

Kodi Fairtrade ndi kampani yogula tiyi?

Ayi, sagula tiyi olo kilo imodzi. Ndi bungwe loika malamulo a malonda, likulu lake lili ku Bonn ku Germany, linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ofesi yoyang'anira za kuno ku Africa ili ku Nairobi. Sitolo ya kunja ikafuna kuika chizindikiro cha Fairtrade pa paketi yake ya tiyi, wogulayo amayenera kutsata zinthu ziwiri, kugula pa mtengo wosatsika kupitirira mlingo umene unaikidwa, komanso kuwonjezera ndalama ina pamwamba, imeneyo ndiye pulimiyamu. Kuno kwathu mabungwe odziwika amene analowa ndi monga Sukambizi ku Mulanje amene anapeza satifiketi mu 2008 ndipo masamba awo amapita ku esiteti ya Lujeri, ndi Msuwadzi ku Thyolo amene amagwira ntchito ndi esiteti ya Satemwa.

Pulimiyamuyo ndi zingati, bwanji sitiiona pa malipiro a pamwezi?

Apa nde pamene pagona nkhani yonse, tiyeni tiwerengere limodzi. Pa tiyi wa CTC, uja wodulidwa ndi makina kukhala timibulu ting'onoting'ono, amene mafakitale athu ambiri amapanga, pulimiyamu ndi masenti 50 a dola ya ku America pa kilo imodzi. Koma kilo imeneyo si ya masamba aawisi amene mumathyola m'mawa mame ali mbee n'kuponya mu dengu kumsana ayi, ndi kilo ya tiyi wakuda wouma amene watuluka mu fakitale. Kuti papezeke kilo imodzi ya wouma pamalowa makilo anayi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo a masamba aawisi, nde masenti 50 aja mukawagawa, pa kilo ya mu dengu lanu pakugwera masenti 11 basi.

Tinene kuti reti ya ku banki ili pa K1,750 pa dola, ndiye kuti K875 pa kilo ya wouma, pafupifupi K190 pa kilo ya masamba aawisi. Si ndalama yochepa eti. Koma imvani bwino apa, pulimiyamu siilipidwa pa tiyi yense amene bungwe lakolola, imalipidwa pa tiyi yekhayo amene wogula wamugula ngati wa Fairtrade. Satifiketi mutha kukhala nayo, munda wonse kutsata malamulo chaka chathunthu, koma ngati oda ya Fairtrade yabwera ya makontena ochepa, wotsala yenseyo amagulitsidwa ngati tiyi wamba wopanda kanthu pamwamba. Mwachitsanzo chabe, ngati pa makilo 10 aliwonse kilo imodzi yokha ndi imene yagulidwa ngati Fairtrade, K190 ija yasanduka K19 mukaifalitsa pa masamba onse. Ndi chifukwa chake chaka china ndalama imabwera yooneka chaka china n'kubwera yochepa pamene inu mwathyola chimodzimodzi, ndipo musanayambe kuloza chala atcheya funso loyamba likhale lakuti chaka chino tagulitsa makilo angati a Fairtrade.

Pa malipiro a pamwezi siioneka chifukwa siili mbali ya mtengo wa masamba. Mtengo wa masamba aawisi ndi bonasi zimakambidwa padera pakati pa makampani a tiyi ndi atsogoleri a alimi, pulimiyamu imadzera njira yake kulowa mu akaunti ya bungwe.

Nanga bwanji osangogulitsa tiyi yense ngati wa Fairtrade?

Wosankha ndi wogula, osati ife. Tiyi wa ku Malawi misika yake ikuluikulu ndi UK ndi South Africa, ndipo amakondedwa kwambiri chifukwa cha kufiira kwake, amamusakaniza ndi wa kwina kuti kapu izioneka bwino, nde ogula ambiri amangofuna wotchipa, kaya kudzera ku okushoni ya ku Limbe kaya kugula mwachindunji ku esiteti. Mitengo yakenso imatsatira zimene zikuchitika ku okushoni yaikulu ya ku Mombasa, Kenya ikakolola wambiri msika umadzaza ife n'kutsika nawo.

Komanso sitolo imodzi yokha ikasintha maganizo zimatikhudza mpaka kuno ku phiri. Mu 2017 Sainsbury's ya ku UK inachotsa chizindikiro cha Fairtrade pa tiyi wake wina n'kuyambitsa ndondomeko yakeyake yotchedwa Fairly Traded, mmene alimi ankayenera kupempha kaye ndalama ija kuti bungwe la sitoloyo livomereze ntchito yake, ndipo alimi a tiyi a mu Africa analemba kalata yokana poyera. Ine ndimaona kuti analondola, ndalama imene wagwirira ntchito sukuyenera kukaipempha.

Ndani amasankha ntchito ya ndalamayi, atcheya kapena a fakitale?

Onsewo ayi. Lamulo la Fairtrade likuti mamembala ndi amene amavomereza pulani pa msonkhano waukulu wa pachaka, mlimi aliyense ndi voti yake kaya mwachindunji kaya kudzera mwa nthumwi zimene munasankha ku bulokhi kwanu, wa tchire zochepa ndi wa munda waukulu mphamvu ndi imodzi. Komiti ntchito yake ndi kutolera maganizo, kulemba pulani, kuyendetsa zimene mwagwirizana kenako kubwera ndi lipoti la ndalama. Milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu imene mumaiona ili ndi chikwangwani cha Fairtrade inayenera kudzera pamenepo.

Chimandidandaulitsa n'chakuti amene amathyola kwambiri ndi amayi, koma tsiku la msonkhano ambiri amatsala pakhomo kapena amakhala kumbuyo osayankhula, pamene iwowo ndi amene akudziwa kuti mtsinje uti umatsekereza ana kupita ku sukulu mvula ikagwa mu Januwale. Amayi pitani, ndipo mukafunse manambala atatu, makilo a Fairtrade amene agulitsidwa, madola amene alowa, ndi reti imene anasinthira.

Kodi sizingatheke kungotigawira m'manja?

Kwa bungwe la alimi ang'onoang'ono ndi zotheka ngati msonkhano waukulu wavomereza, mutha kugwirizana kugawana gawo lina, kapena kugula feteleza, mbande za tiyi, olo chimanga nthawi ya njala. Kwa ogwira ntchito pa esiteti malamulo ake ndi ena, kumeneko kumakhala komiti ya pulimiyamu yosankhidwa ndi antchito eni ake, ndipo mwa lamulo lawamba yogawana m'manja siipitirira 20 peresenti, yotsalayo ipite ku zinthu zothandiza onse, komanso kampani siiloledwa kutenga pulimiyamu kulipirira zimene ndi udindo wake kale monga malipiro. Maganizo anga ndi akuti chaka chimene ndalama yabwera yochepa kugawana kumangothera pa sopo ndi mchere, pamene mlatho umodzi umakhala zaka, koma chaka ngati 2023 pamene namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba kuno, munthu wopempha chimanga sindingamutsutse.

Kwacha ikagwa, pulimiyamu imakwera kapena imatsika?

Imawerengedwa mu madola, nde kwacha ikagwa manambala a makwacha amakwera. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola inachoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ndiye masenti 50 omwe aja anachoka pa K590 kufika K850. Koma musasangalale msanga, malata, zitsulo, dizilo ndi feteleza zimadaliranso dola yomweyo, feteleza anali atakwera kale ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 zinangoipiraipira, komanso ogulitsa ambiri amaika mitengo potengera reti ya pa msika wakuda pamene bungwe limasinthira ku banki. Nde bajeti ya mdadada wa sukulu imene munavomereza chaka chatha itha osakwana chaka chino popanda wina kuba, n'chifukwa chake risiti iliyonse iziwerengedwa pa msonkhano kuti kukaikirana kuchepe.

Ife mbali yathu tiyenera kutsata chani kuti satifiketi isalandidwe?

Amene amabwera kudzayendera ndi a FLOCERT, amaona mabuku, maminitsi a misonkhano, ndipo amalowa m'minda kucheza ndi alimi amene oyenderawo asankha okha, nthawi zina osachenjeza. Mwana wosakwana zaka 15 salembedwa ganyu, wosakwana 18 asagwire ntchito yoopsa monga kupopera mankhwala, ndipo mwana wanu akathandiza ku munda zikhale ataweruka ku sukulu inu mulipo. Mankhwala oletsedwa monga paraquat asapezeke, zigubu za mankhwala musatungire madzi. Akapeza zolakwika zazikulu satifiketi imaimitsidwa, zikapanda kukonzedwa imalandidwa, ndipo wolangika ndi bungwe lonse osati wolakwa yekhayo.

Nanga achule aja ndi omwewa?

Ayi, chizindikiro cha chule ndi cha Rainforest Alliance, amene anaphatikizana ndi bungwe lina la masatifiketi lotchedwa UTZ mu 2018. Malamulo ena amafanana koma ndalama yawo imayenda mwa njira ina, masenti 50 aja ndi a Fairtrade okha.

Ndikakayikira kuti ndalama yasokonezedwa ndipite kuti?

Yambani ndi nthumwi ya ku bulokhi kwanu, pemphani kuona lipoti la ndalama ndi maminitsi a msonkhano umene unavomereza pulani, membala aliyense ali ndi ufulu woziona. Akakukanizani, lembani kalata ku bodi musunge kope yanu yokhala ndi deti. Zikakanikabe, FLOCERT imalandira madandaulo kuchokera kwa munthu aliyense kudzera pa webusayiti yawo ndipo dzina la wodandaula amalisunga mwachinsinsi, chofunika mufotokoze chaka chake, ntchito yake ndi ndalama imene mukuikayikira, ngati foni yanu ilibe intaneti mwana wa kusekondale atha kukuthandizani kutumiza.