Kuyeza nsomba kokha sikukwanira, tiwerengenso anthu a padoko

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya zausodzi amaganiza kuti ndimangokhalira kuyeza nsomba pasikelo. Timayezadi. Koma kope langa limadzaza kwambiri ndi nkhani za anthu: eni makoka alipo angati, alovi (antchito okoka makoka a eni ake) angati, amayi oyanika usipa pathandala angati, ndiponso chimanga chikugulidwa bwanji pamsika wapafupi.

Kalembera wa 2008 anapeza kuti m'Malawi muli anthu opitirira 13 miliyoni. Wa 2018 anapeza opitirira 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mangochi lokha linadutsa miliyoni imodzi. Koma nyanja ndi yomwe ija. Mnyamata amene kwawo munda wachepa amatsikira kudoko, poti ulovi sufuna satifiketi kapena mpamba, umangofuna mphamvu zokokera chingwe. Choncho tikaona chiwerengero cha achinyamata chikukwera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, timadziwiratu kuti mabwato achuluka posachedwa.

Nyanja ya Malombe inatiphunzitsa mowawa. Chambo chinali chochuluka kumeneko, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Makoka a maso aang'ono, monga nkacha, anachuluka, n'kumakokolola ana a nsomba ndi kuwononga malo oswerana. Mu 1993 ndi pamene makomiti a pamadoko, a BVC, anayambira komweko, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu akumudzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba.

Tsono taonani nkhani yotseka nyanja. Chambo chimaswana kwambiri chakumapeto kwa chaka, ndiye m'pomveka kuletsa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Koma miyezi yomweyo ndi imene nkhokwe zambiri zimayamba kupepuka, chimanga chimakwera mtengo, feteleza akufunika. Mlovi salandira malipiro a pamwezi. Amagawana ndi mwini khoka zimene apha usiku umenewo. Khoka likakhala pamtunda, kunyumba kwake moto suyaka. Ndinaonapo bambo akukokera neti yoteteza udzudzu m'madzi osaya, ana ake awiri atagwira mbali inayo. Lamulo ankalidziwa bwino lomwe. Kumulanda netiyo n'kosavuta, koma mawa adzapeza ina.

Apa ndi pamene ziwerengero za chuma zimathandiza. Kafukufuku wa m'makomo wa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, tikamuphatikiza ndi kalembera wa mabwato ndi zida amene nthambi ya zausodzi imachita m'madoko, amatisonyeza midzi imene ilibiretu podalira pena. Kumeneko ndiye kofunika kulozetsa ntchito zachitukuko zolipira, Mtukula Pakhomo ndi mabanki m'khonde nyanja isanatsekedwe. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu imatseka usodzi m'nyengo ya dzinja ndipo asodzi amachokapo onse. Ine ndimaona kuti china chimene chimathandiza mwambowu ndi chakuti nthawiyo imagwirizana ndi ya kumunda.

Ziwerengerozi zili ndi pofooka pake, ndipo pamandidetsa nkhawa. Asodzi sakhala malo amodzi. Amatsata usipa kuchoka ku Nkhata Bay mpaka ku Mangochi, ndipo doko limene linali zii mwezi uli mbee limadzaza mwezi ukalowa mumdima. Zimbudzi ndi mijigo zikamangidwa potengera eni mudzi okha, kolera savuta kubuka. Amayi ogula, oyanika ndi owamba nsomba nawonso salembedwa mokwanira, chonsecho nkhuni zowambira zimene zikumaliza mitengo m'mapiri a m'mbali mwa nyanja zimadutsa m'manja mwawo.

Choncho alembi akafika padoko panu, musabise khoka poopa msonkho kapena kulandidwa. Auzeni alovi onse amene mumagwira nawo ntchito, miyezi imene alendo amabwera, ndiponso amayi amene amadikira bwato lanu m'mamawa.