Tamponi: kaikidwe, kasinthidwe ndi katayidwe kake

Tamponi ndi kathonje kokulungidwa zolimba, kokhala ndi kachingwe kumapeto, komwe mayi kapena mtsikana amalowetsa m'njira ya abambo kuti kazimwa magazi akakhala kumwezi. Padi ndi nyanda zimakhala kunja, koma tamponi imagwirira ntchito mkati.

Yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Kenako nyonyomalani, kapena pondani mwendo umodzi pampando, ndipo mumasuke thupi. Mukaumitsa thupi ndi mantha, tamponi imakana kulowa. Polowetsa, musalozetse mmwamba molunjika ayi. Lozetsani chakumsana, chifukwa njirayo inapendekera komweko. Kankhani ndi chala mpaka tamponi yonse ilowe, kachingwe kokha katsale kunja. Ngati ndi ya mtundu wobwera m'kapaipi kolowetsera, lowetsani kapaipiko, kankhani mbali yam'munsi, kenako katulutseni.

Mukamaimva poyenda kapena pokhala pansi, ndiye kuti sinafike mkati mokwanira. Ikankheni pang'ono, kapena ichotseni muike ina.

Ambiri amaopa kuti isochera m'mimba. Sizingatheke, popeza khomo la chiberekero ndi laling'ono kwambiri moti singadutse. Kukodza nakonso sikuvuta, mkodzo uli ndi njira yakeyake. Ingogwirani kachingwe chakumbali kuti kasanyowe.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. Sinthani tamponi pakadutsa maola 4 mpaka 8, ndipo isapitirire maola 8 ngakhale magazi akhale ochepa. Ikakhalitsa, mabakiteriya otchedwa Staphylococcus aureus akhoza kutulutsa poizoni yemwe amayambitsa matenda a Toxic Shock Syndrome. Matendawa anatchuka ku America m'chaka cha 1980, amayi ena atamwalira akugwiritsa ntchito matamponi omwa magazi ochuluka kwambiri. Sachitikachitika, koma akagwira munthu sachedwa. Mukamva kutentha thupi kwadzidzidzi, kusanza, kutsegula m'mimba, chizungulire kapena khungu likafiira, chotsani tamponi pompo ndi kuthamangira kuchipatala. Kumeneko musachite manyazi, auzeni adokotala kuti munavala tamponi. Chifukwa cha matendawa, ndi bwino kusankha yaing'ono yolingana ndi magazi a tsikulo. Ngati mugona maola oposa 8, valani padi. Musaike ziwiri nthawi imodzi, musaivale musali kumwezi, ndipo ichotseni musanagonane.

Pochotsa, kokani kachingwe pang'onopang'ono. Kachingwe kakabisala, nyonyomalani, chimani ngati muli kuchimbudzi, muigwire ndi zala zoyera. Zikakanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tamponi yogwiritsidwa ntchito siyogejemula. Thonje limafufuma m'madzi ndi kutseka mapaipi, ngakhale litaoneka kuti lapita. Ikulungeni m'tishu kapena m'pepala, muiponye m'bini. Komwe kulibe bini, isungeni m'kajumbo mpaka mukafike kunyumba, muiwotche kapena muikwirire mozama, osati kungoiponya padzala pomwe ana ndi agalu amatoleza zinthu. Kapaipi ka pulasitiki sikaola, choncho musakaponye m'chimbudzi chokumba. Mukamaliza, sambaninso m'manja.