Phapo likaphwa mwadzidzidzi, si nthawi zonse pamene ndi chifuwa chachikulu

Anthu ambiri mu Blantyre muno, akamva kuti mnyamata wamva kubaya m'chifuwa mwadzidzidzi n'kuyamba kubanika, amathamangira kunena kuti ndi chifuwa chachikulu. Madokotala akale nawonso ankaganiza choncho, mpaka mu 1932 pamene dokotala wa ku Denmark, Hans Kjærgaard, anasonyeza kuti phapo limatha kuphwa mwa munthu yemwe alibe chifuwa chachikulu (TB).

Chimene chimachitika nthawi zambiri n'chakuti pamwamba pa phapo, makamaka kunsonga kwake, pamakhala timatuza ta mpweya tosaposa sentimita imodzi, ndipo kamodzi kakaphulika mpweya umathawira pakati pa phapo ndi nthiti n'kulipanikiza mpaka kulephera kufufuma. Vutoli limakonda anyamata aatali ndi ochepa thupi, ndipo kusuta fodya kumaliwonjezera kwambiri. Madokotala a ziweto anapezanso timatuza tomweti mwa agalu akuluakulu a chifuwa chakuya, monga a mtundu wa Siberian Husky, omwe kawirikawiri amachira powadula kachigawo kowonongekako.

Kunena zoona, kwathu kuno TB ikadali imodzi mwa zinthu zophwetsa phapo, choncho kuyezetsa makhololo n'koyenera. Cholakwika ndi kukhala kunyumba kudikira kuti chifuwa chidziwike bwino. Wobanika apite msanga kuchipatala, monga ku Gulupu, kumene X-ray imaonetsa mpweyawo, ndipo ukachuluka amautulutsa ndi kapaipi kolowetsa pakati pa nthiti.