Kutembenuza maginito amene salola magetsi kudutsa

Foni ikatentha m'manja mutaonera mpira kwa ola lathunthu, dziwani kuti kutenthako ndi mphamvu ya batire imene yangotayika. Magetsi ndi ma electron oyenda, ndipo akamadutsa m'chitsulo amagundana ndi maatomu n'kutulutsa kutentha. Ife a sayansi ya spintronics, yogwiritsa ntchito umaginito wa ma electron m'zipangizo zamagetsi, funso limene limatisowetsa tulo ndi ili: kodi uthenga ungasungidwe kapena kutumizidwa ma electron ali phee pamalo pawo?

Electron iliyonse ili ndi khalidwe lotchedwa spin. Iganizireni ngati nguli yozungulira, imenenso ndi kamaginito kakang'ono koloza m'mwamba kapena pansi. M'maginito, unyinji wa timaginito timeneti umaloza mbali imodzi. Mbali imeneyo tikhoza kuitcha 0 kapena 1, ndipo siifufutika ngakhale magetsi athime. Nkhani yagona pa kuitembenuza. Njira yakale ndi ya Hans Christian Ørsted, amene mu 1820 ku Copenhagen anaona singano ya kampasi ikugwedezeka pafupi ndi waya wa magetsi. Koma mphamvu ya maginito yochokera ku waya imamwazikana, ndipo m'kachipangizo kothithikana imasokoneza ndi maginito oyandikana omwe.

Tsono pali mwala wopangidwa mu labotale wotchedwa yttrium iron garnet, mwachidule YIG, umene unapezeka ku Grenoble, France, mu 1956. Mukaugunditsa mawaya a mita yoyezera magetsi, mita siwerenga kanthu: magetsi sadutsa. Komatu ndi maginito. Mukakankha spin imodzi, imakankha inzake, inzakeyo inzake, funde n'kumapita. Muonereni munda wa chimanga mphepo ikamawomba: funde limachoka kumtunda kukafika kudambo, koma palibe phesi limene lazuka. Mafunde amenewa timawatcha ma magnon, ndipo mu YIG amayenda mtunda wautali asanazilale kuposa m'maginito achitsulo. Ine mwala umenewu ndimaukonda kwambiri chifukwa cha zimenezi.

Nanga mwala wokana magetsi mungaulamule bwanji ndi magetsi? Mumayala chitsulo chotchedwa platinum, chopyapyala kwambiri, pamwamba pake. Mu 1971 Mikhail Dyakonov ndi Vladimir Perel a ku Leningrad (lero St. Petersburg, Russia) analosera kuti magetsi akamayenda, ma electron akhoza kudzipatula: a spin iyi kumbali iyi, a spin inayo kumbali inayo. Lero timati spin Hall effect, ndipo mu platinum ndi yamphamvu. Ma electron amene aunjikana pamalire sangalowe mu garnet, koma amasiyapo spin yawo, monga munthu woima kunja kwa mpanda amene sangalowe koma akutha kukankha chitseko.

Mu 2010 gulu la Eiji Saitoh ku Tohoku University, Japan, linatumiza chizindikiro cha magetsi kudzera mu YIG mwa njira imeneyi. Mu 2015 gulu la Bart van Wees ku Groningen, Netherlands, linalandira chizindikiro chotere pa mtunda wa ma micrometre 40, pafupifupi theka la kunenepa kwa tsitsi limodzi, popanda kuziziritsa chipangizocho. Kwa inu ndi pafupi. M'kati mwa chip, kachipangizo kakang'ono kamene ndi ubongo wa foni, ndi ulendo. Kenaka chakumapeto kwa 2016, Geoffrey Beach ndi Caroline Ross ndi anzawo ku yunivesite ya MIT, ku America, anaonetsa chimene tinkadikira: magetsi oyenda mu platinum anatembenuza maginito a thulium iron garnet, mwala wina wokana magetsi wa mtundu wa YIG, wochindikala ma nanometre 8 (ma nanometre 1,000 ndiwo micrometre imodzi), kuchoka m'mwamba kupita pansi n'kubwereranso.

Ndisakunamizeni kuti foni yosatentha yafika. Kutentha kwachoka mu garnet, koma magetsi akuyendabe mu platinum, ndipo kumeneko kukutenthabe. Kuwerenga zimene zalembedwa n'kovuta, poti chizindikiro chake n'chofooka kwambiri. Pakuyesa kwa ku MIT kuja panafunikanso kamphamvu ka maginito kochokera kunja kuti spin idziwe kogwera. MRAM, chip yosunga uthenga m'maginito, imene makampani monga Everspin ndi Samsung akupanga kale imagwiritsa ntchito maginito achitsulo, osati garnet.

Chimene chimandivutitsa mutu kwambiri ndi kapangidwe. Garnet wabwino amakula pa kutentha kwa madigiri mazanamazana, pamwamba pa mwala wina wofanana naye wotchedwa gadolinium gallium garnet. Mafakitale a ma chip amagwira ntchito ndi silicon, ndipo mawaya osalimba amene ayalidwa kale pa silicon sangapirire ng'anjo yotere.