Musanakumbe bedi, yambani mwawerenga maola a dzuwa

Mu Julayi chaka chatha, mayi wina wa kufupi ndi mtsinje wa Shire anandiimitsa ndikudutsa pa njinga. "Alangizi, tatsikani mudzaone matimati anga. Feteleza ndinagula uja ngwabodza," anatero. Titafika kuseri kwa nyumba ndinapeza kuti zonse anachita bwino: manyowa okwanira, kuphimbira ndi udzu, kuthirira m'mawa ndi madzulo, ngakhale timitengo tomangirira tinalipo. Koma matimatiwo anali atatalika mowonda, masamba ali patalipatali, onse atapendekera mbali imodzi, maluwa owerengeka chabe. Kumpoto kwa bedilo kunali mpanda wa njerwa, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali mtengo wa mango.

"Mayi, malo ano munawasankha liti?" ndinafunsa.

"Mu Febuluwale. Ndipotu dzuwa linkaswa mtengo pompano."

Sankanama. Mu Febuluwale dzuwa linkafikadi pamenepo. Chimene sanadziwe n'chakuti njira ya dzuwa imasuntha, ndipo vuto limeneli ndimakumana nalo chaka ndi chaka pa ntchito yangayi.

Tonse timati dzuwa limatuluka kum'mawa n'kukalowa kumadzulo, koma silidutsa mzere umodzimodzi chaka chonse. Mangochi ili pa madigiri 14 ndi theka kum'mwera kwa mzere wa ikweta. Chifukwa cha ichi, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri kokha pa chaka: kumayambiriro kwa Novembala ndi cha pa 10 Febuluwale. Masiku amenewo mukaimika mtengo mowongoka masana, mthunzi wake umangounjikana patsinde. Pakati pa masiku awiriwa, makamaka mu Disembala ndi Januwale, dzuwa limapendekera pang'ono kum'mwera. Nthawi ina yonse ya chaka limadzera kumpoto, ndipo pofika pa 21 Juni limakhala litatsika ndi madigiri pafupifupi 38 kuchoka paliwombo. Nthawi imeneyo n'kuti ambirife tili kalikiliki ndi madimba.

Tanthauzo lake kwa mlimi ndi ili. Mu Juni ndi Julayi, chilichonse chimene chaima kumpoto kwa bedi lanu chimagwetsera mthunzi pa mbewu zanu ngakhale masana enieni. Mtengo wa mango wotalika mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 8 cha kum'mwera. Mpanda wa mamita 2 umaphimba mita imodzi ndi theka, ndiye kuti bedi lonse lathunthu ngati mwalikumba moutsamira. Mtengo womwewo mu Disembala mthunzi wake sufika n'komwe mamita 2, ndiponso umagwera kumpoto. Apatu tikunena za masana, pamene mthunzi uli waufupi. Cha m'ma 8 koloko m'mawa mu Juni, mthunzi umaposa kawiri kutalika kwa mwini wake, ndipo pofika 3 koloko madzulo umakhala ukuyandikiranso pomwepo. Tsiku nalo limafupika: mu Disembala timakhala ndi maola pafupifupi 13 a kuwala, pomwe mu Juni amangopitirira pang'ono 11.

N'chifukwa chake ndimakana mlimi akandiuza kuti "pamenepa dzuwa limafika". Limafika maola angati? Nthawi yanji? Mwezi uti? Maso amanamiza, chifukwa kudimba timapitako m'mawa kukathirira ndi madzulo kukathiriranso, koma zimene zimachitika pakati pa tsiku timangoganizira.

Kuyeza kwake sikulira ndalama. Sankhani tsiku lopanda mitambo, m'mwezi womwewo umene mukufuna kudzala kapena masabata ochepa usanafike. Khomani zikhomo pamalopo, chimodzi pangodya iliyonse ndi china pakati. Zikhomo zichuluke ndithu, chifukwa bedi limodzi lomweli likhoza kulandira maola 8 kumutu ndi maola 3 kumiyendo. Pambali pa chikhomo chilichonse ikani kachitini. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ola lililonse likakwana pitani mukaone. Chikhomo chimene chili padzuwa lenileni, ponyani kamwala m'chitini mwake. Chimene chili pamthunzi, chidutseni. Ngati kuwala kukungodontha m'mipata ya masamba, kuja kumaoneka mawangamawanga pansi, ine ndimaponya njere ya chimanga, ndipo njere ziwiri ndimaziwerenga ngati kamwala kamodzi. Madzulo khuthulani zitinizo n'kuwerenga. Timiyala timeneto ndiwo maola a dzuwa a malowo.

Ndimayambira 7 dala, ngakhale dzuwa limatuluka isanakwane. Dzuwa longotuluka kumene ndi lija lofiira lolowa mphamvu yake njochepa, ndipo mukaliwerengera mumadzinamiza kuti muli ndi maola ambiri. Amene muli ndi foni, tcherani alamu ya ola lililonse, ndipo ngati ili ndi kamera jambulani muli chiimire pamalo amodzimodzi. Usiku mukamayang'ana zithunzizo motsatizana mudzaona mthunzi ukukwawa pabedi, ndipo mudzauzindikira mtengo umene ukukuberani dzuwa. Ngati tsiku lonse simupezeka pakhomo, mwana wa sukulu angathe kuigwira ntchitoyi Loweruka, ndipo ana amaikonda. Bola mumuuze kuti azilemba m'kope nthawi imene chikhomo chalowa mumthunzi ndi imene chatulukamo, chifukwa zimenezi tizifuna.

Kanthu kena kakang'ono: kuno dzuwa silidikira 12 koloko kuti lifike pamwamba penipeni. Nthawi ya pa wotchi imene timatsatira inawerengedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pomwe Mangochi ili cha pa 35. Choncho mu Juni mthunzi umafupikitsitsa cha m'ma 11:40. Mukazika ndodo mowongoka n'kuona kumene mthunzi waufupiwo waloza, kumeneko ndiye kum'mwera kwenikweni. Kwina kuja, kumene kuli dzuwa, ndiye kumpoto, ndipo ndi kumene muyenera kuyang'anitsitsa chimene chaimako.

Mukawerenga timiyala, mbewu zimadzisankhira zokha malo. Zonse zimene timadya chipatso chake, monga matimati, tsabola, mabiringanya, therere lobala, maungu ndi chimanga cha mondokwa, zimafuna maola 6 kapena kuposa, ndipo 8 ndiye abwino. Anyezi nayenso sakondwa ndi mthunzi: amangochita masamba, pansi osatupa. Zamasamba, monga mpiru, repu ndi tchayinizi, zimapirira pa maola 4 kapena 5, ngakhale zimakula mochedwerapo. Pamene papezeka maola osakwana 3, musatayepo mbewu ndi thukuta lanu. Pamenepo kumbanipo dzenje la manyowa kapena muzisungapo makheni.

Koma kuno kunyanja sitingalekere pa chiwerengero chokha, ndipo apa ndi pamene malangizo olembedwera madera ozizira amatisocheretsa. Maola 6 a m'mawa ndi maola 6 a masana si ofanana. Dzuwa la m'mawa limaumitsa mame msanga, ndipo masamba ouma sagwidwa wamba ndi matenda ngati chiwawu cha matimati. Limaperekanso kuwala nthaka idakali yozizira, mbewu isanayambe kulimbana ndi ludzu. La masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 35, limafooketsa mbewu. Matimati amayoyola maluwa kukatentha chotero, ndipo zipatso zopanda masamba ozitchinga zimapsa mbali imodzi n'kuchita chigamba choyera. Mpiru umafota ngakhale mwathirira m'mawa womwewo. Choncho kwa amene akudzala mu Ogasiti ndi Seputembala, bedi limene limalandira dzuwa kuyambira 7 mpaka 1 koloko, kenako n'kulowa mumthunzi wa mtengo wa kumadzulo, ndi chuma. Ine ndingalisankhe kuposa bedi la pambalambanda. Koma bedi lomweli mu Juni, kuwala kukachepa, mwina silingakwanire matimati. Kope lija la mwana ndi limene lidzakuuzeni kusiyana kumeneku.

Mitengo nayo ili ndi makhalidwe ake, ndipo woyeza ayenera kuidziwa. Mango ndi nimu zimakhala ndi masamba pafupifupi chaka chonse, ndipo mthunzi wa mango ngwandiweyani moti pansi pake udzu womwe umavutika. Mlambe umayoyola masamba m'chilimwe, choncho amene anauyeza mu Malichi uli wobiriwira adzadabwa kupeza dzuwa likudutsa m'nthambi zake mu Julayi. Nsangu ndiye imachita zosemphana ndi inzake: imavula masamba mvula ikayamba n'kuvala m'chilimwe. Ndi chifukwa chake timailimbikitsa m'minda ya chimanga cha dzinja, poti siitchinga mbewu ndipo masamba ake amadyetsa nthaka. Koma wa dimba akumbukire kuti nthawi imene iye akudzala ndi imene nsangu ili ndi masamba. Migwalangwa sindidandaula nayo kwenikweni, mthunzi wake ngwaung'ono ndipo umadutsa msanga. Amene mumalima m'tsinde mwa mapiri a kum'mawa kwa nyanja, monga cha ku Malindi, phiri nalonso muliwerengere, chifukwa dzuwa limakupezani mochedwa kusiyana ndi anzanu a kutsidya.

Ndikupempha chinthu chimodzi ndi mtima wonse: mukapeza kuti mtengo ukutchinga, nkhwangwa isakhale yankho loyamba. Mitengo yatha kale mokwanira m'boma lino. Nthawi zambiri kudulira nthambi ziwiri kapena zitatu za m'munsi kumabweza ola limodzi kapena awiri, ndipo kusuntha bedi ndi mapazi ochepa kumabweza otsalawo. Podzala, mbewu zazitali monga chimanga ndi matimati omangirira muziike mbali ya kum'mwera kwa dimba m'miyezi yozizira, zazifupi kumpoto, kuti zisatchingane zokhazokha. Mpanda wa udzu wotchinga mbuzi nawonso uli ndi mthunzi, choncho kumpoto siyani kanjira pakati pa mpandawo ndi bedi loyamba.

Kwa mayi aja, tinakhoma zikhomo zisanu tsiku lotsatira ndipo mdzukulu wawo ndiye anaponya timiyala. Zitini za kufupi ndi mpanda zinapezeka ndi tiwiri tiwiri, chapakati titatu. Chikhomo china chimene tinaonjezera poyesa chabe, mapazi 12 cha kum'mwera pafupi ndi thandala la mbale, chinali ndi 7. Matimati a chaka chino anawadzala kumeneko, ndipo mu bedi lakale lija anadikira mpaka Seputembala, mthunzi wa mpanda utabwerera m'mbuyo, n'kufesamo mpiru.