Wapampando wa GRECO samanga munthu

Funso limene landitopetsa ndi ili: "Poti ku Strasbourg asankha mtsogoleri watsopano, akuba aja ayamba kumangidwa liti?" Ndalimva kwa atolankhani, kwa ophunzira zamalamulo, ngakhale kwa akuluakulu a m'maofesi amene ndinkati akudziwa. Mtsogoleri amene akunenayo ndi wapampando wa GRECO, gulu lolimbana ndi ziphuphu limene likulu lake lili mumzinda wa Strasbourg ku France, ndipo alibe apolisi, alibe khothi, alibe chitolokosi. Sanatsegulepo mlandu wa munthu aliyense, ndipo malamulo a gululi samupatsa mphamvu imeneyo.

GRECO ndi gulu limene bungwe la Council of Europe linakhazikitsa mu 1999 kuti mayiko aziunikana okhaokha pa nkhani za ziphuphu ndi katangale. Muli mayiko pafupifupi onse a ku Ulaya, komanso United States ndi Kazakhstan. Ovota posankha wapampando ndi nthumwi za mayiko omwewa, dziko lililonse voti imodzi. Tamvetsani bwino pamenepa: amene aziunikidwa ndi omwenso amasankha wotsogolera kuunikako. Kulemera kwa chisankhochi kwagona pamenepo.

Kuunikaku kumachitika m'magawo, gawo lililonse ndi nkhani yake, ndipo mpandowu umayenda ndi gawo la kuunika. Marin Mrčela, woweruza wa khothi lalikulu la ku Croatia, anaukhalira kuyambira 2012 mpaka kumapeto kwa 2024, pamene gululi linkaunika aphungu, oweruza ndi oimira boma pa milandu, kenako kuyambira 2017 nduna, akuluakulu a boma ndi apolisi. David Meyer wa ku Britain ndiye anasankhidwa kuti atsogolere gawo lachisanu ndi chimodzi, limene linayamba mu 2025 ndipo likuyang'ana makhonsolo ndi maboma a m'zigawo.

Nanga ntchito yake ndi yotani? Akatswiri ochokera m'mayiko ena amapita kudziko limene likuunikidwa, amafunsa mafunso, n'kulemba lipoti lokhala ndi malangizo oti dzikolo litsatire. Lipotilo limabwera pa msonkhano wa mayiko onse, nthumwi za dzikolo zili pompo, ndipo amalikambirana ndime ndi ndime. Nkhondo imakhala pa mawu. Pa malipoti otsatira, dziko limafuna kuti palembedwe kuti langizo lakwaniritsidwa, pamene langolemba lamulo papepala koma silinayambe kuligwiritsa ntchito. Wapampando wofooka amalola kuti mawu afewetsedwe pofuna kuti msonkhano uthe msanga, anthu asakhumudwitsane. Wolimba amabweza funso: lamulolo lagwira ntchito kangati, ndipo umboni wake uli kuti? Pakatha miyezi 18 dziko liyenera kufotokoza zimene lachita, ndipo likamazengereza pamabwera makalata, kenako nthumwi zapamwamba, pomaliza kulidzudzula poyera. Mu 2019 Belarus inakhala dziko loyamba kudzudzulidwa motero. Mphamvu ya gululi imathera pamenepo, pa kuchititsa manyazi ndi kusatopa kufunsa.

Ndikanangoti uku ndi kusamvetsa wamba ndikanapanda kuona kumene kumafikitsa anthu.

Mayi wina ankagwira ntchito mu ofesi yogula katundu pa khonsolo ya mzinda wina, m'dziko la European Union. Anaona kuti makontrakitala atatu amene ankapikisana pa ntchito zokonza misewu anali a munthu mmodzi, ndipo mitengo ankagwirizana kuseri. Anali ndi mapepala, anali ndi makalata a pa imelo, ankadziwa madeti. Mwatsoka anakumana ndi bambo wina wodzitcha mlangizi, amene anamuuza kuti amadziwana ndi anthu a ku Strasbourg ndipo akhoza kukapereka mapepalawo m'manja mwa akuluakulu. Anamulipiritsa ndalama. Kenako anamuuza kuti adikire kaye, poti utsogoleri ukusintha ndipo atsopanowo ndiwo adzaigwire bwino nkhaniyo.

Anadikira kupitirira chaka. M'kati mwa kudikirako anamusamutsira ku ofesi ina, anataya mwayi wolowa mu kompyuta imene munali makalata aja, ndipo mnzake mmodzi amene akanachitira umboni anasiya ntchito n'kuchoka. Pamene ankabwera kwa ine, anali ndi mafotokope ochepa okha ndi mantha ambiri. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi ku Strasbourg kuja anayankha?" Ndinavutika kumuuza kuti kunalibe woti ayankhe. GRECO silandira madandaulo a munthu payekha kuti iwafufuze. Imaunika malamulo ndi kayendetsedwe ka dziko, osati tenda ya msewu wakutiwakuti.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti njira yomuteteza inalipo pafupi. Lamulo la European Union la 2019 loteteza anthu oulula zachinyengo limati munthu akapereka lipoti kudzera m'njira yovomerezeka, amudziwitse pasanathe masiku 7 kuti lalandiridwa, ndipo nthawi zambiri amuuze zimene zachitika pasanathe miyezi itatu. Limaletsanso kumubwezera, monga kumuchotsa ntchito kapena kumusamutsa pofuna kumulanga. Akanauza ofesi yoyenera sabata yoyamba, kusamutsidwa kwake kukanakhala ndi poyankhira. Poti anapereka mapepala kwa munthu wamba pamalo omwera khofi, zinali zovuta kuonetsa kuti anamusamutsa chifukwa choulula.

Anthu ngati bambo uja alipo ambiri, ndipo nthawi ya chisankho ndi imene amakolola. Ena amagulitsa kwa makampani chimene amachitcha satifiketi ya GRECO. Kulibe chinthu chotero. Ena amalonjeza kuti akweza dziko pa mndandanda wa mayiko osachita katangale. GRECO siika mayiko pa mndandanda. Umene mumaumva chaka ndi chaka uja ndi wa Transparency International, bungwe losakhala la boma limene lakhala likuutulutsa kuyambira 1995, ndipo siligulitsa malo. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi khomo lakuseri lolowera ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu, n'kupempha ndalama kuti akutsegulireni, akukupemphani chiphuphu chimene. Msiyeni pomwepo.

Ndipo musadikire chisankho cha wina aliyense. Umboni umafufutika, mboni zimasamuka, ndipo m'mayiko ambiri a ku Ulaya milandu ili ndi malire a zaka, zikadutsa khothi silingaumve ngakhale zonse zili poyera. Ngati mwaona zachinyengo kuntchito, lembani madeti lero, sungani zimene lamulo likukulolani kusunga, pitani kwa loya wolembetsedwa amene mungamufufuze m'kaundula wa maloya, ndipo perekani lipoti ku ofesi imene lamulo la dzikolo latchula kapena kwa oimira boma pa milandu.

Ofuna kudziwa ngati wapampando watsopano akugwira ntchito, werengani malipoti akamatuluka. Lipoti limafalitsidwa dziko lenilenilo likavomera, choncho onani mayiko amene akukana kapena kuchedwetsa, ndipo onani ngati akutchulidwa mayina. Mayi uja nkhani yake anakaipereka kwa oimira boma mochedwa choncho, ndi mafotokope ake ochepa aja. Mpaka pano palibe amene waitanidwa kukhothi.