Nibu Yatsopano Ikamakana Inki

Pafupifupi aliyense amene ndamuphunzitsa kulemba zilembo zokongoletsa ndi peni yoviika mu inki anabwerapo ndi dandaulo lomweli. Wagula nibu yatsopano, kachitsulo kolembera ka kunsonga kwa peniyo, waviika m'botolo, koma papepala sipakuoneka kanthu. Kapena inki yonse yakhuthukira pachilembo choyamba, khadi laukwati n'kuwonongeka. Ambiri amathamangira kunena kuti awagulitsa yachinyengo. Ine ndimangowauza kuti aitembenuze nibuyo, aione kumimba kwake.

Mukaona inki itaundana timadontho ngati mame patsamba la nthochi, dziwani kuti vuto ndi mafuta. Nibu ndi kachitsulo kopyapyala, ndiye kufakitale amaipaka mafuta pang'ono kuti isachite dzimbiri podikira wogula. Kaya ndi Nikko G kapena Zebra G za ku Japan, kaya Brause ya ku Germany, kaya Gillott 303, yomwe inayambira ku Birmingham, mzinda wa ku England umene unatchuka popanga nibu zachitsulo m'zaka za m'ma 1800, zonse zimafika zili choncho. Nsonga ya nibu ndi yong'ambika pawiri, ndipo inki imatsetsereka mu mng'alu umenewo kuchokera pakabowo ka pakati. Pakakhala mafuta, inkiyo siigwira chitsulo, ndiye siyenda.

Kuchotsa kwake n'kosavuta. Ine ndimagwiritsa ntchito sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, kukwecha mbali zonse ziwiri kwa theka la mphindi, kutsukuluza, n'kupukuta mpaka iume. Mankhwala otsukira mano amagwiranso ntchito. Ena amabaya nibu mu mbatatesi yaiwisi n'kuisiya mphindi 15, ndipo zimathekadi, bola muzibaya mofatsa chifukwa nibu zofewa ngati Hunt 101 sizichedwa kupindika. Akalekale ankangoipaka malovu. Za kudutsitsa nibu palawi la machesi sindizikonda: mukangochedwa pang'ono chitsulo chimafooka, nsonga zija sizibwereranso pamalo pake, ndipo nibu yatha basi.

Mukatsuka, viikani mpaka kabowo kamire. Inki ikayala mosalala ngati penti, mwakonza. Kuyambira pamenepo musaigwirenso kunsonga ndi zala, poti khungu lathu nalo lili ndi mafuta. Poika nibu m'chogwirira, igwireni ndi kansalu.

Nthawi zina nibu imakhala yoyera koma zinthu osayenda, ndiye yang'anani m'botolo. Inki ya fountain pen, peni yosunga inki m'kati mwake, ndi yamadzimadzi kwambiri, imathawa panibu n'kumwazika papepala. Imeneyi mumailimbitsa ndi gum arabic, utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe umene wambiri umachokera ku Sudan. Thirani pang'onopang'ono m'kabotolo kapadera, mukuyesa papepala, chifukwa mukachulukitsa zilembo zimachedwa kuuma ndipo zimamata. Inki yakuda ya ku Japan yotchedwa sumi nayo, botolo likakhala chotsegula masiku angapo, imalimba ngati phala la dzulo. Madontho ochepa a madzi oyera amaibwezera m'malo mwake. Inki yakuda yotchedwa India ink, yokhala ndi utomoni wa shellac, ndiye imaumira panibu pomwepo mukulemba, choncho kapu ya madzi izikhala pafupi, muzitsukuluza pakapita mphindi zochepa. Popukuta musatenge tishu, timaulusi take timakola mu mng'alu.

Pali vuto lina limene si la nibu kapena inki. Mukudinikiza potsitsa mzere wonenepa, mwadzidzidzi pakutuluka timizere tiwiri ngati njanji, pakati pali mbee. Apo mwatsegula nsonga mopitirira inki imene yatsala, kapena mukuthamanga. Chepetsani dzanja, muziviika kawirikawiri.

Ndipo mukaona kuti mizere yakumtunda yatuluka bwino koma yakumunsi kwa pepala inki ikudumphadumpha, mafutawo achokera m'chikhatho chanu chomwe chakhala chikukhuza pamenepo. N'chifukwa chake pansi pa dzanja langa pamakhala kapepala kena nthawi zonse, ngakhale ndikungolemba dzina limodzi pasatifiketi.